Kufala kwa Mavairasi M'sukulu Nthawi ya Mliri

Pa 11 Marichi 2020 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti COVID-19 yasanduka mliri wa dziko lonse, ndipo pofika mwezi wa Epulo chaka chomwecho bungwe loona za maphunziro la UNESCO linkati ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni m'mayiko oposa 190 ali pakhomo chifukwa sukulu zawo zatsekedwa. Maboma ambiri anatseka sukulu potengera zimene zinkadziwika kale za chimfine cha fuluwenza, chimene ana amachifalitsa kwambiri. Zaka zotsatira zinatiphunzitsa zambiri za m'mene kachilombo ka matenda a m'chifuwa kamayendera m'kalasi, ndipo uthenga uno walembedwa kuti aphunzitsi aakulu, aphunzitsi, makolo ndi makomiti a sukulu adziwe pamene pagona chiopsezo chenicheni, popeza mliri wina udzabweranso.

Mpweya wa m'kalasi

Munthu akamapuma, kuyankhula, kuyimba, kutsokomola kapena kuyetsemula, m'kamwa ndi m'mphuno mwake mumatuluka timadontho tamitundu iwiri. Tina n'tolemererapo ndipo timagwa pansi pafupi naye, koma tina n'topepuka kwambiri, tosaoneka ndi maso, ndipo timatha kuyandama m'chipinda kwa mphindi zambiri ngakhale maola. Timadontho topepukati timachita ngati utsi m'nyumba yotseka: timachuluka pafupi ndi pamene tachokera, kenaka timafalikira m'chipinda chonse, ndipo timatha msanga mpweya wakunja ukalowa n'kutikankhira kunja. Kumayambiriro kwa mliri wa COVID-19 malangizo ambiri ankatsindika za m'manja ndi zinthu zimene anthu amagwira, ndipo munali mu Epulo 2021 pamene WHO inalemba momveka bwino kuti kachilomboka kamafalanso kudzera mu mpweya m'zipinda zodzadza ndi anthu zimene simulowa mpweya wokwanira.

Kalasi ndi malo amene zinthu zonse zothandiza kachilombo zimakumana. Anthu ambiri amakhala m'chipinda chimodzi kwa maola angapo tsiku lililonse, mphunzitsi amayankhula mokweza kuti amveke mpaka ku mzere wakumbuyo, ana amayankha limodzi, kuwerenga mofuula ndi kuyimba, ndipo kukazizira kapena kukachita fumbi mazenera amatsekedwa. Kuyankhula mokweza ndi kuyimba kumatulutsa timadontho tochuluka kwambiri kuposa kupuma chabe. Choncho chiopsezo chimakula malinga ndi kuchuluka kwa anthu m'chipindamo, kutalika kwa nthawi imene akhalamo, kukula kwa mawu amene akutulutsa ndi kuchepa kwa mpweya watsopano wolowamo.

Zimene zinachitika pa sukulu ina ya pulayimale m'dera la Marin ku California, m'dziko la America, mu Meyi 2021 zimaonetsa nkhaniyi bwino. Mphunzitsi wina amene anali asanalandire katemera anayamba kumva kutopa ndi kutsekeka mphuno koma anapitiriza kuphunzitsa masiku awiri, ndipo nthawi zina ankavula masiki powerengera ana nkhani mokweza. Mwa ana 24 a m'kalasi mwake, 12 anapezeka ndi kachilombo ka COVID-19 ka mtundu wa Delta. M'mizere iwiri yoyandikana ndi desiki yake munali ana 10, ndipo 8 mwa iwo anakatenga. M'mizere itatu yakumbuyo, mwa ana 14 anakatenga ndi 4 okha. Chofunika kuchidziwa n'chakuti m'kalasimo madesiki anali otalikirana ndipo mazenera ndi zitseko zinali zotsekula, kusonyeza kuti njira imodzi payokha siikwanira pamene munthu wodwala wayima pafupi ndi ana n'kumayankhula mokweza pakamwa pali posaphimba.

Ku Israel sukulu zinatsegulidwanso kwathunthu pa 17 Meyi 2020. Patangopita masiku ochepa kunja kunatentha kwambiri, ophunzira analoledwa kukhala opanda masiki kwa masiku atatu, ndipo makina oziziritsa m'zipinda ankagwira ntchito mosalekeza. Pa sukulu ina ya sekondale ku Jerusalem, kumene kalasi imodzi inkakhala ndi ophunzira 35 mpaka 38, ophunzira 153 ndi ogwira ntchito 25 anapezeka ndi kachilomboka. Makina oziziritsa ambiri amangozunguza mpweya womwewo m'chipinda, ndipo kuzizira kwake kusanamize munthu kuti mpweyawo ndi watsopano.

Ana, aphunzitsi ndi mabanja

Pa mliri wa COVID-19 ana ambiri amene anatenga kachilombo anadwala pang'ono kapena sanaonetse zizindikiro konse, ndipo imfa pakati pawo zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi za okalamba. Ochepa, makamaka amene anali ndi matenda ena kale, anadwala kwambiri, ndipo ena patapita milungu ingapo ankatupa ziwalo zam'kati monga mtima, vuto lotchedwa MIS-C. Achinyamata a ku sekondale ankatenga ndi kufalitsa kachilomboka mofanana ndi akuluakulu. Koma zimenezi si lamulo la mliri uliwonse. Fuluwenza ya H1N1 ya mu 2009 inagwira kwambiri ana ndi achinyamata, ndipo ya mu 1918 inapha achinyamata ambiri athanzi, choncho kachilombo katsopano kakabuka tisamafulumire kunena kuti ana ali otetezeka.

Amene amaiwalika kawirikawiri ndi aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito pa sukulu. Mphunzitsi amatha kusunga malamulo onse m'kalasi, koma nthawi yopuma n'kukalowa m'chipinda cha aphunzitsi, kuvula masiki, kudya ndi kucheza ndi anzake zitseko zili zotseka. Chipinda chimenecho chiyenera kusamalidwa mofanana ndi kalasi, ndipo misonkhano ya aphunzitsi ndi bwino kuichitira panja. Mphunzitsi wachikulire, woyembekezera, kapena amene ali ndi matenda a shuga, a mtima kapena a m'mapapo ayenera kuganiziridwa koyamba pa katemera ndi pogawa ntchito.

Mwana akatenga kachilombo ku sukulu amapita nako kunyumba kumene kuli agogo ndi odwala ena, ndipo n'chimodzimodzinso kuti matenda ambiri opezeka pa sukulu amachokera kunyumba ndi m'dera. Sukulu siili payokha: odwala akachuluka m'dera, kalasi iliyonse imakhala ndi mwayi waukulu wolandira munthu amene ali ndi kachilombo m'mawa uliwonse.

Pamene pamafunika khama

Chinthu chovuta pa mavairasi ambiri n'chakuti munthu amayamba kupatsira ena asanadziwe kuti akudwala. Pa COVID-19 zimenezi zinkayamba tsiku limodzi kapena awiri zizindikiro zisanaoneke, ndipo zizindikirozo zinkaoneka patapita masiku pafupifupi 5 kapena 6 munthu atatenga kachilombo, nthawi zina mpaka 14, pamene mtundu wa Omicron unafupikitsa nthawiyi kufika masiku pafupifupi 3. N'chifukwa chake kuyeza kutentha kwa thupi pachipata kumagwira ochepa chabe, pakuti mwana amene sanatenthe thupi amadutsa bwinobwino ali ndi kachilombo. Kunena zoona, sukulu zambiri zinawononga nthawi ndi ndalama popopera mankhwala m'mabwalo ndi m'makoma pamene mazenera a m'makalasi anali otseka, ndipo khama limenelo likanapindula kwambiri likanapita ku mpweya.

Mazenera ndi zitseko zizikhala zotsekula mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko, chifukwa zenera limodzi lokha limasuntha mpweya wochepa. Nthawi yopuma ana onse atuluke ndipo kalasi isiyidwe yotsekula kuti mpweya wakale uchoke. Kukazizira ndi bwino kulola ana kuvala zofunda kusiyana ndi kutseka mazenera onse. Mphunzitsi akalowa m'kalasi kuchokera panja n'kumva kuti muli fungo la anthu ndiponso mpweya wolemera, adziwe kuti ana akupuma mpweya umene anzawo atulutsa kale. Kumene kuli makina oyezera mpweya wa carbon dioxide, umene anthu amatulutsa popuma, mlingo wa panja umakhala pafupifupi 420 ppm (magawo 420 pa miliyoni), ndipo m'kalasi ukapitirira 1,000 ndi chizindikiro chakuti mpweya watsopano ukuchepa. Phunziro lililonse limene lingachitikire panja, makamaka kuyimba, masewera olimbitsa thupi ndi misonkhano ya sukulu yonse, lichitikire panja. Nzeru imeneyi si yatsopano, pakuti sukulu za panja zinayamba ku Charlottenburg m'dziko la Germany mu 1904 pofuna kuteteza ana ku chifuwa chachikulu.

Wodwala aliyense akhale kunyumba, kaya ndi mwana kaya ndi mphunzitsi. Lamuloli limamveka losavuta koma limalephereka pamene mwana akuopa kuphonya mayeso, kholo likusowa womusiyira, kapena mphunzitsi akuopa kudulidwa malipiro kapena kusiya kalasi yopanda munthu. Utsogoleri wa sukulu ukonzeretu njira yolembetsera mayeso kwa amene anadwala ndiponso yosinthana makalasi, kuti pasakhale wina wobisa chifuwa chifukwa cha mantha. Mwana akayamba kudwala ali pa sukulu, akhazikidwe pamalo opita mphepo, kutali ndi anzake, pali munthu wamkulu womuyang'anira mpaka makolo ake atafika.

Pa nkhani ya masiki, malangizo a WHO ndi UNICEF a mu 2020 anali akuti ana a zaka 5 kutsika m'munsi asakakamizidwe kuvala, a zaka 6 mpaka 11 avale malinga ndi m'mene matenda afalira m'deralo ndiponso pali wamkulu wowathandiza, ndipo a zaka 12 kupita m'tsogolo avale ngati akuluakulu. Masiki amathandiza akaphimba mphuno ndi pakamwa popanda mipata m'mbali. Akatsitsidwa pachibwano alibe ntchito, ndipo akanyowa asinthidwe. Mphunzitsi amene mawu ake sakumveka atavala masiki asawavule n'kuyandikira ana, koma apite nawo panja. Kutalikirana mita imodzi kumachepetsa chiopsezo, ndipo m'kalasi yodzadza zimenezi zimatheka pogawa ana m'magulu obwera nthawi zosiyana, gulu lililonse osasakanikirana ndi linzake.

Kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi osachepera 20 kumafunikabe, makamaka asanadye ndi pochokera kuchimbudzi, popeza kumateteza ku fuluwenza ndi ku mavairasi otsegula m'mimba. Sopo akasowa, sanitaiza ya mowa wosachepera 60 peresenti imagwira ntchito.

Sukulu zogonera komweko zimafuna chisamaliro chapadera chifukwa ophunzira amapuma mpweya umodzi usiku wonse alibe masiki. Mabedi atalikirane, mazenera asatsekedwe onse usiku, ophunzira azidya mosinthana magulu, ndipo pakhale chipinda chopatula odwala chimene chakonzedwa matenda asanabuke.

Kutseka sukulu

Kutseka sukulu kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi ana. Bungwe loona za chakudya la WFP linanena kuti ana pafupifupi 370 miliyoni anasowa chakudya cha ku sukulu pamene sukulu zinatsekedwa mu 2020. Ku Uganda ana ambiri anakhala pafupifupi zaka ziwiri asanabwerere m'kalasi mu Januwale 2022. M'mayiko ambiri ana anaiwala zimene anaphunzira, ena analowa ntchito, atsikana ena anatenga mimba kapena kukwatiwa, ndipo ovutikitsitsa anali a m'mabanja osauka amene analibe intaneti yophunzirira pakhomo. Dziko la Denmark linatsegulanso sukulu za ana aang'ono pa 15 Epulo 2020, linagawa ana m'timagulu ting'onoting'ono ndi kuchititsa maphunziro ambiri panja, ndipo matenda sanakwere chifukwa cha zimenezo. Mu Seputembala 2020 mabungwe a WHO, UNICEF ndi UNESCO analangiza kuti kutseka sukulu kuziganiziridwa pokhapokha njira zina zitasowa.

Wodwala akapezeka pa sukulu, mphunzitsi wamkulu adziwitse azaumoyo tsiku lomwelo, awapatse kaundula wa kalasi ndi ndondomeko ya m'mene ana amakhalira kuti adziwe amene anali pafupi ndi wodwalayo, ndipo makolo auzidwe zoona popanda kutchula dzina la mwana. Nthawi zambiri kutumiza kunyumba kalasi imodzi kwa masiku amene azaumoyo anena kumakwanira, ndipo sukulu yonse itsekedwe pokhapokha matenda akaoneka m'makalasi angapo nthawi imodzi kapena aphunzitsi odwala akachuluka moti ana sangayang'aniridwe. Mwana akachira alandiridwe popanda kumusala, chifukwa kusalana kumachititsa mabanja ena kubisa matenda.

Sukulu zikamatsegulidwanso, makolo aonenso makadi a katemera a ana awo. Nthawi ya mliri ana ambiri amaphonya katemera wa nthawi zonse, ndipo chikuku chimafala mofulumira kuposa COVID-19: kachilombo kake kamakhalabe mu mpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo, ndipo mwa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala naye pafupi, mpaka 9 amadwala. Mwana amafunika kulandira katemera wa chikuku kawiri, ndipo amene anaphonya apite naye kuchipatala asanabwerere m'kalasi.