Musanamunene kuti ngofooka, funsani kuti wavulala pati

Sizoni ikamatha, matimu amatulutsa mayina a osewera amene sawapatsanso kontrakiti. Pakapezeka dzina la womwetsa zigoli amene wakhala akungolowa ndi kutuluka m'chipinda cha madokotala, masapota amagawikana tsiku lomwelo. Ena amati bola wapita, ankangodya ndalama za timu ali khale pabenchi. Ena amakumbutsa chigoli chija anamwetsa gemu ili pafupi kutha, n'kumati akuluakulu a timu ndi osayamika. Mkanganowo umatha sabata wina osagonja.

Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo ndagwira miyendo ya anyamata ampira kwa zaka zambiri. Chimene chimandidabwitsa pa mkangano wotere n'choti mbali zonse zimawerenga magemu amene munthuyo anaphonya, koma palibe amene amafunsa kuti anavulala pati, nanga anavulala bwanji. Chonsecho ife tikaitanidwa ndi akuluakulu kuti tinenepo maganizo, funso limene timayambira ndi lomwelo.

Tiyerekeze anyamata awiri, aliyense waphonya magemu makumi atatu m'zaka ziwiri. Woyamba anathyoka mwendo atatchetchedwa ndi wotchinga kumbuyo, atachira anagwera phewa polimbirana mpira wam'mwamba, kenako anawombana mutu ndi goloboyi. Ameneyo ndi watsoka chabe, ndipo paja tsoka silinunkha. Fupa likalumikizana bwino limabwerera kukhala fupa lenileni, ndipo mwendo wothyoka chaka chatha sukoka ngozi ya phewa chaka chino. Wachiwiri sanagundidwe ndi munthu ngakhale kamodzi. Kanayi konse ankathamangira mpira, mwadzidzidzi n'kudumpha ngati waponda munga, dzanja lili kuseri kwa ntchafu, ntchafu yake yomweyomweyo. Pa nyuzipepala awiriwa amaoneka ofanana. Pa tebulo langa ndi anthu osiyana kutalitali.

Kuseri kwa ntchafu kuli minofu itatu imene pa mpira timangoitchula kuti hamstring. Imayambira pafupa limene timakhalira n'kukathera kunsi kwa bondo. Munthu akamathamanga liwiro lake lonse, mwendo umaponyedwa kutsogolo mwamphamvu, ndipo phazi lisanaponde pansi minofu imeneyi imayenera kuugwira mabuleki. Ndiye kuti ikukokedwa kutalika, nthawi yomweyo ikuumitsa. Pamenepo ndi pamene imang'ambika. Ikamapola, pamalo ong'ambikawo pamayamba pamera chipsera, ndipo chipsera sichitamuka ngati mnofu. Komanso thupi limachita mantha: ubongo umayamba kuusunga mnofuwo, osautuma ntchito mokwanira, ndiye umafooka mwini wake osadziwa.

Taganizani tsono kuti ntchito ya womwetsa zigoli ndi yotani. Amaima, amanyengerera womulonda, kenako n'kuliyatsa liwiro kuti alowe kumbuyo kwa otchinga. Amachita zimenezi kambirimbiri gemu imodzi. Liwiro limene masapota amamukondera ndi lomwelo limene limamudya miyendo. Walira mvula walira matope.

Kuyambira 2001, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA lakhala likusonkhanitsa ziwerengero za kuvulala m'matimu akuluakulu a ku Ulaya, motsogozedwa ndi dokotala wa ku Sweden, Jan Ekstrand. Anapeza kuti timu ya osewera 25 iziyembekezera kuvulala pafupifupi 50 pa sizoni, kutanthauza kawiri munthu aliyense. Choncho kuvulala pakokha si chizindikiro cha kufooka, ndi gawo la ntchito. Pa zaka 21 za kafukufukuyu, gawo la hamstring linakwera kuchoka pa 12 kufika pa 24 pa kuvulala 100 kulikonse. Koma chiwerengero chimene ndimafuna masapota azichidziwa ndi ichi: pafupifupi 18 pa 100 ya ma hamstring ong'ambika amakhala obwereza pamalo akale, ndipo mwa obwerezawo, oposa awiri mwa atatu amachitika pasanathe miyezi iwiri munthu atabwerera m'bwalo.

Miyezi iwiri imeneyo ikutiuza kuti nthawi zambiri munthu sanavulale kachiwiri ayi, anangobwerera asanachire.

Ndinaziona ndi maso anga ku timu ina imene sindiitchula. Mnyamata wathu womwetsa zigoli anali atakhala kunja masiku khumi ndi awiri. Ululu unali utatha, ankathamanga pang'onopang'ono bwinobwino, ankasekanso ndi anzake. Koma ndikamugoneka chafufumimba n'kumuuza kuti akankhe dzanja langa ndi chidendene, mwendo wovulalawo unkanjenjemera n'kugonja, pomwe winawo unkanditukula. Lachinayi kochi analowa, anaima pakhomo osakhala n'komwe.

"Adokotala, mnyamatayu Loweruka ndikumufuna. Ngakhale theka la ola."

"Akochi, mundipatseko masiku khumi ena."

Mnyamatayo anadzuka pabedi paja. "Ndili bwino ine adokotala, palibe chikundipweteka."

Sankanama. Ululu umatha msanga, mphamvu ndiye imachedwa kubwerera, ndipo wosewera amamva ululu wokha. Kontrakiti yake inali itatsala miyezi isanu, kochi naye ntchito inali m'madzi chifukwa cha magemu atatu osapambana. Ine ndinalemba mu fayilo kuti sindikuvomereza, koma ndinamumanga bandeji ndithu, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti sindinakanitsitse. Loweruka analowa chigawo chachiwiri. Sanathe mphindi khumi ndi zisanu. Ulendo uno anakhala kunja masabata asanu ndi awiri, ndipo masapota anayamba kumutchula kuti dzira. Sizoni itatha dzina lake linali pamndandanda uja.

N'chifukwa chake ndikamva kuti wakuti amangokhalira kuvulala, ndimafuna ndidziwe kuti ankamubweza m'bwalo ndani, patapita masiku angati. Gulu la Ekstrand lomwe lija linapezanso kuti matimu amene kochi ndi madokotala amamvana bwino amakhala ndi ovulala ochepa. Pali ngakhale fizo yosavuta yotchedwa Nordic, imene munthu amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono akudziletsa ndi ntchafu. Kafukufuku wasonyeza kuti imachepetsa kung'ambika kwa hamstring ndi theka, koma matimu ambiri saitsatira mokwanira chifukwa imasiya ntchafu zikuwawa masiku oyamba, ndipo osewera amadana nayo.

Musandimve ngati ndikuti timu imakhala yolakwa nthawi zonse. Pali kuvulala kwina kumene ngakhale mutasamala chotani sikubwerera m'mbuyo. Kumapeto kwa mafupa, m'bondo ndi m'kakolo, kuli kachichereche kosalala kamene kamathandiza mafupa kuti azitsetsereka osakhulana. Kameneka kalibe mitsempha ya magazi, ndiye kakaperepeseka sikamera bwino. Marco van Basten, katswiri wa AC Milan amene anapata katatu Ballon d'Or, mphoto ya wosewera woposa onse pachaka, anasewera gemu yake yomaliza mu 1993 chifukwa cha kakolo, ndipo mu 1995 analengeza kuti wasiya mpira ali ndi zaka 30 zokha. Sikani ikaonetsa zotere, dokotala woona mtima amauza akuluakulu kuti kontrakiti ya zaka zitatu ndi juga.

Mawu oti "amuchotsa" nawonso amasokoneza anthu. Malinga ndi malamulo a FIFA, kuvulala si chifukwa chokwanira chothetsera kontrakiti, ndipo timu imene yachita zimenezo imalamulidwa kulipira. Chimene chimachitika kawirikawiri n'choti kontrakiti yafika kumapeto ndipo timu yasankha kusaionjezera, apo ayi agwirizana kuti asiyane atamupatsa kangachepe. Chiyambire chigamulo cha khoti pa mlandu wa wosewera wina, Bosman, mu 1995, wosewera wa ku Ulaya amene kontrakiti yake yatha amachoka popanda timu yatsopano kulipira yakale. Choncho pamene masapota akukangana za kuyamika, akuluakulu amakhala akuwerengera zina. Malipiro a womwetsa zigoli amakhala m'gulu la okwera kwambiri patimu, ndipo ngati sadalirika, pamafunika kugula wina womuyimira, ndiye kuti malo amodzi akudya malipiro awiri. Kochi nayenso sangakonze kaseweredwe modalira munthu amene mwezi uno alipo, mwezi wamawa kulibe. Chigoli cha zaka zitatu zapitazo anachilipira kale. Kontrakiti yatsopano imagula miyendo ya chaka chamawa.

Kulosera za miyendo imeneyo ndiye kumatipusitsa tonse. Robin van Persie ankanenedwa kwambiri ku Arsenal chifukwa chovulalavulala, ndipo mu Novembala 2009 anavulala kakolo akusewerera dziko la Netherlands pokumana ndi Italy, n'kukhala kunja miyezi pafupifupi isanu. Timu inamusunga. Mu sizoni ya 2011/12 anasewera magemu onse 38 a ligi n'kumwetsa zigoli 30, ndipo sizoni yotsatira, ali ku Manchester United, anamwetsa 26 n'kutenga ligi. Kuvulala kwa mu 2009 kuja kunali kochita kugundidwa, mtundu wa mnyamata woyamba uja.

Mu 2019, matimu awiri a ku England analekerera makontrakiti a omwetsa zigoli awo kuti athe. Liverpool inasiyana ndi Daniel Sturridge, amene mu 2013/14 anamwetsa zigoli 21 mu ligi, kenako ntchafu, katumba ndi chiuno zinayamba kusinthana pomugwetsa. Arsenal inasiyana ndi Danny Welbeck, amene anali atachitidwa maopaleshoni a bondo komanso atathyoka kakolo mu Novembala 2018. Sturridge anapita ku Trabzonspor ya ku Turkey, pambuyo pake ku Perth Glory ya ku Australia kumene anangosewera magemu owerengeka. Za iye, amene ankati Liverpool yachita bwino anapambana mkangano. Koma fayilo ya Welbeck, akanandipatsa ine chaka chimenecho, ndikanapukusa mutu poona mbiri ya bondo lija. Anadutsa ku Watford, anafika ku Brighton mu 2020, ndipo mu sizoni ya 2024/25, ali ndi zaka 34, anamwetsa zigoli 10 mu Premier League, koyamba kufika pamenepo chiyambire kusewera mu ligiyo.