Mayi kapena bambo akayamba mankhwala a khansa

Dokotala akangotchula khansa, ana ambiri amatuluka panja n'kunong'onezana kuti, "Tisawauze, angataye mtima." Komatu thupi ndi lawo, ndipo nthawi zambiri amakhala atazindikira kale kuti zinthu sizili bwino. Afunseni mwaulemu: "Amayi, kodi dokotala akufotokozereni zonse, kapena tizikumvererani ndife?" Lemekezani zomwe asankhe. Kholo lodziwa chifukwa chomwe likuvutikira ndi mankhwala silisiya chithandizo panjira.

Khansa siipatsirana. Idyani nawo mbale imodzi, asambitseni, adzukulu azikhala nawo pamphasa. Khansa ya khomo la chiberekero, ya m'mawere, ya Kaposi ndi zina zambiri zimamva mankhwala, makamaka zikapezeka msanga.

Mankhwala a khansa otchedwa kemo, omwe amaperekedwa m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, amalandiridwa m'magawo, kawirikawiri pakatha masabata atatu aliwonse. Tsiku lobwerera likalembedwa m'buku la kuchipatala, banja liyambiretu kusonkha ya thiransipoti, chifukwa kudumphitsa gawo kumapatsa matenda mpata. Tsitsi likhoza kuthothoka, mseru ubwera, thupi lifooka. Apa ndi pomwe achibale ena amati, "Mankhwalawa akuwapha, tiyeni kwa asing'anga." Musalole. Tsitsi limameranso, ndipo mankhwala oletsa mseru alipo, ingopemphani. Mankhwala azitsamba ena amasokoneza kemo komanso amawononga chiwindi ndi impso, choncho musawapatse popanda kuuza dokotala. Ngati amamwa ma ARV, a shuga kapena a BP, dokotala adziwe, ndipo asasiye mwa okha.

Chofunika kwambiri kuchigwira ndi ichi. Kemo amachepetsa asilikali a m'magazi, makamaka pakati pa masiku 7 ndi 14 chilandirireni. Pa nthawi imeneyi kamatenda kakang'ono kakhoza kupha m'maola ochepa. Gulani choyezera kutentha kwa thupi. Thupi likafika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, kutsekula m'mimba kwambiri, kusanza kosalekeza, kutaya magazi kapena kusokonezeka mutu, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musangowamwetsa Panado n'kudikira kuti kuche, poti Panado amangobisa kutenthako. Mukafika nenani msanga kuti wodwalayu ali pa kemo. Odzazonda amene ali ndi chifuwa kapena chimfine auzeni mwachikondi kuti abwere akachira, ndipo aliyense azisamba m'manja ndi sopo.

Chakudya chizibwera pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala lothira nsinjiro kapena soya, mazira ophika bwino, mkaka wowiritsa, nthochi, madzi owiritsa ambiri. Nsima ikakanika musakalipe. M'kamwa mukachita zilonda, azichukucha ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono.

Makolo athu amapirira kwambiri, ndipo ambiri amabisa ululu poopa kuvutitsa ana. Afunseni tsiku lililonse. Morphine wamadzi amachotsa ululu waukulu, ndipo kupatsidwa mankhwalawa sikutanthauza kuti madokotala agwa mphwayi. Amamwedwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe. Amamanga m'mimba, ndiye pemphani mankhwala ofewetsa ndipo papaya asasowe. Chisamaliro chotere chimapezeka ku Tiyanjane ku Queen Elizabeth, ku Ndi Moyo ku Salima komanso m'zipatala zambiri za m'maboma.

Musawalande ukulu wawo. Pitirizani kuwafunsa nzeru za kumunda, za maukwati, za ana. Munthu amene akufunsidwabe kuti "Tibzale liti, abambo?" amadziwa kuti akufunikabe pakhomo. Akafuna kulira kapena kukamba za imfa, khalani pansi mumvetsere, musawadule ndi "musatero". Akafuna abusa, ansembe kapena ashehe, aitanireni.

Nanu agadiyani muli ndi thupi. Ugadiyani usagwere mwana wamkazi mmodzi yekha. Gawanani masiku, amene ali kutali atumize ndalama ndi kuimba foni, ndipo amene wagona kuchipatala sabata ino akapume sabata yamawa.