Mphaka wanu si mfiti, ndi mlenje

Mphaka akayamba kulira ngati khanda pa denga la malata pakati pa usiku, ambiri amafulumira kunena za ufiti. Ife madokotala a ziweto timayamba tafunsa kuti: ndi wamkazi kodi? Anamutseka kuti asabereke? Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Wamkazi ikafika nyengo yofuna wamwamuna amaitana mokweza, ndipo akapanda kutenga bere amabwerezanso pakangotha masabata awiri kapena atatu. Amphongo nawo amamenyana pomulimbirana. Mankhwala ake ndi opaleshoni yotseka wamkazi ndi kufula wamphongo. Ku Lilongwe bungwe losamalira nyama la LSPCA limathandiza pa zimenezi.

Koma ngakhale wofulidwa amadzukabe. Kholo la mphaka ndi vumbwe, yemwe amasaka kachisisira ndi m'bandakucha, mbewa ndi makoswe zikatuluka. Thupi lake linapangidwira nthawi imeneyo. Kuseri kwa diso kuli kachigawo kobweza kuwala, kaja kamachititsa maso ake kunyezimira mukamuwunika ndi tochi, ndiye amaona bwino pamene inu mukupapasa khoma. Makutu ake amamva kulira kwa mbewa komwe khutu la munthu silimva n'komwe. Masana amagona maola 12 mpaka 16, nanga mphamvu zonsezo azithera kuti?

Mphaka wakumudzi amakazithera ku nkhokwe. Vuto lili kwa wam'tauni amene amatsekeredwa m'nyumba tsiku lonse. Ameneyu mumutopetse musanagone: mangani kansanza ku chingwe, muzikakoka pansi, kuimitsa, kukokanso, mpaka akagwire kangapo. Kenako mumupatse chakudya chachikulu cha tsikulo. Akasaka n'kudya amadzinyambita n'kugona.

Pamene eni ambiri amagwa m'pakuti akayamba kukanda chitseko 4 koloko m'mawa, amadzuka n'kumuponyera usipa kuti atonthole. Mwamuphunzitsa nokha kuti phokoso limabweretsa ndiwo. Ngakhale kumukalipira kumene, iye amaona kuti mwamuyankha. Tsekani chitseko, musayankhe. Masiku oyamba phokoso lidzawonjezeka, musagonje. Kumumenya ndiye ayi, mungomupatsa mantha basi.

Mphaka wokalamba amene kale ankagona bwino, koma tsopano wayamba kulira usiku, akuwonda pomwe akudya kwambiri, kapena akumwa madzi mosalekeza, ameneyo si wa chingwe ndi kansanza. Mwina chithokomiro, impso kapena BP zavuta. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamuyeze.