Maluwa a sakura sadikira Epulo yense

Ambiri okonzekera ulendo wa ku Japan amaganiza kuti bola angofika mu Epulo, apeza dziko lonse lili mbee ndi maluwa a sakura, mitengo ya matcheri ya kumeneko. Si zoona, ndipo zimandiwawa kuona munthu atawononga ndalama zake n'kukapeza masamba okhaokha.

Dziko la Japan ndi lalitali kuchokera kummwera kukafika kumpoto, choncho maluwa amatsatira kutentha. Ku Okinawa, kummwera kwenikweni, amayamba mu Januwale. Ku Tokyo ndi ku Kyoto nthawi zambiri amachita maluwa kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, pomwe kumpoto, ku Hirosaki ndi ku Sapporo, amadikira kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Akadzaza mumtengo sakhalitsa, pafupifupi sabata imodzi basi, ndipo mvula ndi mphepo zimawayoyola msanga. Masiku ake amasinthanso chaka ndi chaka: mu 2021 ku Kyoto anafika pachimake pa 26 Malichi.

Ngati mukufuna chikhalidwe chamakolo, pitani kuphiri la Yoshino m'chigawo cha Nara. Kuli mitengo pafupifupi 30,000, yambiri ya mtundu wakale wa yamazakura, umene umatulutsa maluwa pamodzi ndi timasamba tofiirira. Kumeneku Toyotomi Hideyoshi, mtsogoleri wankhondo amene ankalamulira Japan panthawiyo, anachititsa phwando lalikulu loonera maluwa mu 1594. Ubwino wake ndi wakuti maluwa amayambira m'munsi n'kumakwera pang'onopang'ono, kotero mukachedwa kumunsi, mungokwera phiri mukawapeza cha kumtunda.