Kuthira sturgeon m'mitsinje ndi nkhawa za awedzi a trout

Kumpoto kwa America, akangolengeza kuti mumtsinje wakutiwakuti athiramo ana a sturgeon, oyamba kukwinya nkhope amakhala awedzi a trout. Nkhawa yawo ndi yomveka. Trout amene iwo amasaka nthawi zambiri sapitirira makilogalamu awiri, pomwe sturgeon woyera akakula amatha kutalika mamita atatu n'kulemera kuposa amuna awiri. Ndiye amafunsa kuti chinsomba choterechi chizidya chiyani, ngati si mazira a trout ndi chakudya chomwe trout amadalira. Kwa ife a ntchito za nsomba, pakamwa pa sturgeon ndi nkhani yaing'ono. Chimene chimasintha kwambiri uwedzi wa trout ndi zomwe anthu amachita ndi madzi komanso madamu pofuna kuti sturgeon apulumuke.

Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira, oyera, othamanga pamiyala. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20 amayamba kuvutika, n'chifukwa chake kuno kwathu amapezeka pamwamba pa mapiri okha, monga ku Zomba ndi ku Nyika, kumene anabwera naye atsamunda. Kawedzedwe kake kotchuka n'ka nyambo ya nthenga. Mwedzi amakulunga nthenga, ubweya ndi ulusi pa kambedza kakang'ono mpaka kafanane ndi kachilombo komwe trout akudya tsiku limenelo. Nyamboyo ndi yopepuka kwambiri moti singaponyeke payokha, ndiye chimene chimaiulutsa ndi kulemera kwa chingwe. Munthu amalowa m'madzi mpaka m'mawondo kapena m'chiuno, n'kuiponya kumtunda kuti itsike ndi madzi ngati kachilombo kenikeni. Uwedzi umenewu umadalira zinthu ziwiri: tizilombo tikhalepo tambiri, ndipo madzi akhale oti munthu angaimemo. Chachiwirichi chisungeni m'mutu.

Sturgeon ndi nsomba yakalekale, mtundu wake unalipo kale nthawi ya ma dinosaur. Alibe mamba wamba, ali ndi mizere isanu ya zikhungwa zolimba m'thupi, ndipo mafupa ake ambiri ndi chichereche. Wamkulu alibe mano. Kamwa lake lili kunsi kwa mutu ndipo limatuluka ngati paipi n'kuyamwa za pansi, kutsogolo kwake kuli ndevu zinayi zofufuzira chakudya, monga mmene mlamba umachitira m'matope. Sturgeon wa m'nyanja zikuluzikulu za Great Lakes amadya mphutsi za tizilombo, nkhono, misundu ndi tinkhanu. Woyera, wa m'mitsinje ya Columbia ndi Fraser, akakula amadyanso nsomba, zamoyo ndi zakufa zomwe.

Chomwe chimapangitsa kuti aziswetsedwa ndi anthu n'kuchedwa kwake kubereka. Wamkazi amatha zaka 20 kapena kuposerapo asanaikire mazira koyamba, ndipo akaikira amapuma zaka zingapo asanabwereze. Nsomba yotere mukaipha yambiri nthawi imodzi, siibwerera payokha m'moyo wa munthu mmodzi. Ku Great Lakes, m'zaka za m'ma 1800, asodzi ankaona sturgeon ngati chosokoneza chong'amba maukonde, ankamuunjika pagombe n'kumuwotcha. Kenako msika wa nyama yake yowamba ndi wa mazira ake, amene amagulitsidwa ngati caviar, unatsegulidwa, ndipo amene anatsala anathera pamenepo. Madamu anamaliza ntchito potseka njira zopita kokaikira mazira. Lero sturgeon wa m'nyanjazi safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mmene analili. Mu 2022 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi padziko lonse, linalengeza kuti mitundu yonse ya sturgeon yotsala padziko ili pangozi.

Tsono nkhani ya mazira a trout. Trout wamkazi samwaza mazira pamtunda. Amakumba kadzenje m'timiyala ndi chipsepse chake, amaikira, kenako n'kukwirira. Amasankha malo osaya, nthawi zambiri m'timitsinje ting'onoting'ono tam'mbali, momwe chinsomba cha mamita awiri sichingakhale. Mazira amene sturgeon angatole ndi omwe akokoloka kale, ndipo amenewo sakanaswa. Sturgeon amakonda maiwe akuya, kumunsi kwa mtsinje ndi m'nyanja, amakwera kumiyala nthawi yoikira yokha. Kumtunda kozizira komwe kuli trout, iye safikako kawirikawiri.

Pa chakudya pali pokumana pang'ono. Ku Michigan, chigawo cha America chomwe chili m'mbali mwa Great Lakes, kuli mtundu waukulu wa mayfly, kachilombo kouluka kobadwira m'madzi, wotchedwa Hexagenia, umene mphutsi zake zimakhala m'matope chaka kapena ziwiri, kenako kumapeto kwa June zimatuluka usiku zambirimbiri. Usiku umenewo trout zikuluzikulu zimasiya kubisala, ndipo awedzi amachokera kutali kudzaima mumdima m'mitsinje ya Au Sable ndi Manistee. Sturgeon nayenso amazikonda mphutsizi. Koma taonani mmene mtsinje wa Manistee ulili: sturgeon ali kumunsi kwa damu la Tippy, pomwe madzi otchuka a nyambo ya nthenga ali kumtunda kwa madamu. Mtundu wa Little River Band of Ottawa Indians, womwe ndi umodzi mwa mitundu ya anthu oyamba kukhala m'dzikolo, wakhala ukulera ana a sturgeon m'mbali mwa mtsinjewu kuyambira 2004. Amatola timphutsi ta nsombayi tikamatsika ndi madzi usiku, amatilera m'matanki odzaza madzi a mtsinje womwewo kuti tidzakumbukire fungo la kwawo, kenako amatibwezera titakula pang'ono. Chiwerengero chake pachaka n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi trout ndi salmon amene boma limathira.

Pali mfundo ina yomwe awedzi ena safuna kuimva. Trout wofiirira amene amamuteteza anachokera ku Germany mu 1883, ndipo woyamba kuthiridwa m'madzi a ku America anamuthira mumtsinje wa Baldwin, ku Michigan komweko, mu 1884. Sturgeon ndiye mwini malo.

Vuto lenileni ku Great Lakes lili pa madamu. Kuti sturgeon afike kokaikira, pamafunika kugumula damu kapena kutsegula njira. Koma njira imeneyo ikatseguka salowa yekha. Kumalowanso salmon ndi steelhead (rainbow trout wokulira m'nyanja) ochokera m'nyanja, amene amapikisana ndi trout wa m'mtsinje, ndipo choopsa kwambiri ndi sea lamprey, kanyama kokhala ngati mkunga komwe kamamata pa nsomba n'kuiyamwa magazi. Lamprey anasakaza trout wa m'nyanjazi m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ndipo madamu ambiri akale akusungidwa lero ngati mpanda womutchinga. Mankhwala a TFM amene amathira m'mitsinje kupha ana a lamprey amavulazanso sturgeon akadali wamng'ono kwambiri, ndiye othira amayenera kusamala nthawi ndi mlingo wake. Mwedzi wa trout akamakana kutsegula damu, nthawi zambiri amakhala akukana alendo enawa, ndipo pamenepo ndimagwirizana naye kuti nkhaniyo njofunika kuiyeza bwino.

Kumene ndimaona kuti nkhaniyi imaoneka bwino kwambiri ndi mtsinje wa Kootenai. Umayambira ku British Columbia m'dziko la Canada, umatsikira ku Montana, umadutsa kumpoto kwa Idaho, kenako n'kubwereranso ku Canada kukalowa m'nyanja ya Kootenay. Sturgeon woyera wa mumtsinjewu anadulidwa kwa anzake a ku Columbia ndi mathithi a Bonnington zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, choncho ndi banja lapalokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 gulu la mainjiniya a asilikali a America, la US Army Corps of Engineers, linamaliza damu la Libby ku Montana, loletsa kusefukira kwa madzi ndi kupanga magetsi. Kuyambira cha m'ma 1974 ana a sturgeon anasiya kuoneka. Akuluakulu ankaikirabe mazira chaka ndi chaka, koma pafupifupi palibe amene ankakula. Mu 1994 boma la America linamuika pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha.

Chinachitika n'chakuti damu linachotsa chigumula cha chaka ndi chaka. Kale, chipale cha m'mapiri chikamasungunuka mu May ndi June, mtsinje unkadzaza n'kutsuka miyala. Chigumulacho chitatha, sturgeon amaikira kumunsi kwa tauni ya Bonners Ferry, pamalo amchenga ndi dongo. Mazira ake ndi omata, amafunika kukakamira pamwala ndi kubisala m'ming'alu. Akagwera pamchenga amakutidwa n'kufa.

Damu lomweli linawapatsa mphatso awedzi a trout. Madzi otuluka pansi pake amakhala ozizira chaka chonse, ndipo kuyambira padamu mpaka ku mathithi a Kootenai kunabadwa amodzi mwa malo abwino a rainbow trout ku Montana. Trout wamkulu kwambiri wa mtunduwu amene anagwidwapo m'chigawocho, wa makilogalamu 15, anagwidwa pamenepa mu 1997. Zinsomba za pafupi ndi damu zimanenepa ndi tinsomba ta kokanee timene timagwa kuchokera m'nyanja yakumtunda podutsa m'makina a magetsi. Sturgeon sakhala m'dera limeneli, ali kumunsi kwa mathithi. Komabe awedzi a ku Libby amamudziwa bwino, chifukwa chaka chilichonse amawasinthira mtsinje.

Pofuna kutsanzira chigumula chakale, oyendetsa damu amatulutsa madzi ambiri kumapeto kwa May ndi mu June kuti sturgeon akwere kumtunda kukafika pamiyala. Makina onse asanu akatsegulidwa, madzi amafika pafupifupi makyubiki mita 700 pa sekondi, pomwe nthawi yomwe atsitsidwa kwambiri amakhala cha m'ma 113. Mtsinje ukadzaza chonchi palibe woimamo. Zilumba za timiyala zimamira, mwedzi wopanda bwato amangokhala kunyumba, ndipo wa bwato amayenera kuwedza m'mbali momwe trout wathawira mphamvu ya madzi. Amene amadya za ntchito yoperekeza alendo owedza amataya masabata. Kutayika kumeneku n'kwenikweni, ndipo sindiona chifukwa choti tizikuchepetsa.

Palinso choopsa china chomwe anthu wamba sachidziwa. Madzi akaposa zimene makina angameze, amawagwetsa pamwamba pa damu. Akamagwa kuchokera patali chotero amakokera mpweya pansi, ndipo mpweyawo umasungunuka m'madzi mopitirira muyeso. Nsomba ikapuma madzi amenewa, m'magazi mwake mumapangika timathovu. Ukaigwira m'manja umaona timatuza m'zipsepse, m'mphepete mwa maso ndi m'makha. Mu 2006 madzi atagwetsedwa ku Libby chifukwa cha kudzaza kwa damu, akatswiri anapeza zizindikiro zimenezi pa trout a kumunsi kwake. N'chifukwa chake mayeso ogwetsa madzi dala pothandiza sturgeon, amene anakonzedwa m'zaka za 2010 mpaka 2012, anabutsa mkangano waukulu ku Montana.

Koma ntchito yomweyi yabweretsanso zina zimene trout wapindula nazo. Damu limatsekera matope ndi michere, ndiye kumunsi kwake mtsinje unasauka, ndere zinachepa, tizilombo tinachepa. Kuyambira 2005 mtundu wa Kootenai Tribe of Idaho pamodzi ndi nthambi ya boma ya Idaho Fish and Game akhala akudonthezera feteleza wamadzi wa phosphorus mumtsinje pafupi ndi malire a Idaho ndi Montana m'miyezi yotentha. Kuthira feteleza mumtsinje kumamveka ngati misala, popeza kwina konse timalimbana ndi kuchuluka kwake, koma kuno akubweza zimene damu linalanda. Ndere zinabwerera, tizilombo tinachuluka, nsomba za m'deralo, kuphatikizapo rainbow trout, zinawonjezeka. Kuyambira 2011 mtundu wa Kootenai Tribe uja wakhalanso ukukonza mtsinje weniweniwo: kukumba maiwe akuya, kulimbitsa magombe ndi mitengo, kutsegula timifuleni tam'mbali, ndi kuthira miyala pamalo oikira mazira. Timifuleni timeneti ndi momwe ana a trout amabisala. Malamulo a damu anasinthanso kuti madzi asamakwere ndi kutsika mwadzidzidzi potsata kufunika kwa magetsi, zomwe kale zinkaumitsa tizilombo ta m'mbali mwa mtsinje.

Mtundu womwewu ndi umene unayamba kuswetsa sturgeon wa Kootenai, ndipo ana oyamba anathiridwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Poti wamkazi wa mumtsinjewu amatenga zaka pafupifupi 30 kuti akhwime, ana amenewo akuyamba kumene kufika msinkhu wobereka. Ndiye madzi a mu June apitirira kutulutsidwa kwa zaka zambiri zikubwerazi.

Pamene ndimati awedzi ali ndi chifukwa chofunsira mafunso ndi pa kuchuluka kwa ana othiridwa. Sturgeon akangopyola chaka chimodzi, zikhungwa zake zimamuteteza ndipo adani ake amachepa, ndiye ambiri amapulumuka n'kukhala zaka makumi ambiri. Kumtunda kwa mtsinje wa Columbia, ku nyanja ya Lake Roosevelt, ana othiridwa koyambirira kwa zaka za m'ma 2000 anapulumuka ochuluka kuposa mmene akatswiri ankayembekezera, ndipo ambiri anali a makolo ochepa okhaokha. Mu 2017 aboma ndi mitundu ya anthu oyamba a m'deralo anatsegula uwedzi wa sturgeon m'nyanjayi kuti anthu achotseko ena. Trout mukamuthira wambiri, pakatha zaka zisanu vutolo latha lokha. Sturgeon wothiridwa chaka chino adzakhala akuyamwabe pansi pa mtsinje mu 2080, choncho chiwerengero chake chiyenera kukambidwa poyera asanatsegule matanki.