Peni yoboola ija simungalemere nayo

Kuno ku Lizulu nkhani yake siitha, eti ukapeza peni yoboola pakati ya nthawi ya Federation ija basi walemera, muli mekyule ndipo azungu akugula mamiliyoni. Bodza abale. Peni imeneyo, ya njovu ziwiri ija, ndi mkuwa wosakaniza chabe, mulibe mekyule olo pang'ono, ndipo anapanga zambirimbiri kuyambira 1955 nde ingadule bwanji poti agogo ambiri ali nazo m'kachitini? Osonkhanitsa makobidi ndi mamendulo amaona kusowa kwake, chaka chake, komanso ngati zolembazo sizinafufutike. Nde ena mumaikwecha ndi phulusa kuti iwale, apo mwaiononga, mtengo watsikiratu. Yanga ndinangoikulunga m'kapepala, ndimangokonda tinjovuto.