Musanapite ku intavyu ya unamwino, kakhaleni pansi ndi namwino

Ndatopa ndi yankho lakuti "ndimakonda kuthandiza anthu." Ndimaphunzitsa anamwino, ndipo nyengo yosankha ophunzira atsopano ikafika ndimakhala nawo pa gulu lofunsa mafunso, kumene pafupifupi wachinyamata aliyense amabwera ndi mawu omwewa, ena atachita kuwaloweza pamtima. Kukonda anthu si kulakwa, koma mphunzitsi, wapolisi ndi m'busa nawonso amathandiza anthu. Tikafunsa kuti namwino akalowa mu wodi m'mawa amayamba ndi chiyani, ambiri amangoyang'ana kudenga, kusonyeza kuti chimene akuchidziwa pa ntchitoyi ndi yunifolomu yoyera basi.

Za kuvala bwino ndi kufika nthawi yabwino sindizikamba, chifukwa amene wakhoza MSCE akuzidziwa kale. Chimene ndikupempha ndi chakuti mupeze namwino amene wakhalitsa pa ntchito, kaya wa kumpingo kwanu kaya wa pachipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo mumupemphe mwaulemu kuti akupatseni mpata tsiku limene akupuma. Musamutsatire mu wodi odwala ali pamzere. Tengani kope ndi cholembera, musamujambule mawu pafoni asanavomere, ndipo musafunse za wodwala aliyense pomutchula dzina.

Mufunseni mmene amalandirana lipoti ndi mnzake amene wachezera usiku, odwala amene amawasamalira yekha akakhala pa naiti, ndi chimene amachita mankhwala amene dokotala walemba akasowa kufamase. Mufunseni mmene amalankhulira ndi wodikirira wodwala amene wapsa mtima chifukwa m'bale wake wagona pansi, komanso mmene anadzigwirira tsiku loyamba kuona munthu akutsirizika m'manja mwake. Musachite manyazi kufunsa nthawi imene anadikira asanalembedwe ntchito atamaliza sukulu, ndi mmene moyo unalili atamutumiza kuchipatala cha kumudzi kopanda magetsi odalirika. Akamayankha, khalani chete mumve, ndipo funso lotsatira lichokere pa zimene wanenazo. Luso limeneli ndi lomwe timaliyang'ana ku intavyu, pakuti namwino amene samvetsera sangadziwe chimene chikumupweteka wodwala. Koma chonde, kuchezako musakumalize ndi mawu akuti "amayi, mundipezereko malo," chifukwa mukatero zonse zimene mwafunsa zimaoneka ngati zinali nyambo.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mtsikana wina amene anabwera ndi satifiketi yokongola, yokhala ndi chidindo chofiira, yochokera kusukulu ina ya m'tauni kumene anaphunzira zaka ziwiri. Makolo ake anagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti amulipirire, ndipo iye ankakhulupirira kuti ndi namwino kale amene wangobwera kudzawonjezera maphunziro. Anali wanzeru, wodekha, ndipo ankayankha bwino kuposa anzake ambiri. Tinachita kumuuza ifeyo, anthu achilendo, kuti sukuluyo si yovomerezeka ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, choncho pepalalo silingamulole kulemba mayeso a bungwelo kapena kugwira wodwala m'chipatala chilichonse. Anangoti phee, n'kupinda pepalalo pawiri. Namwino aliyense akanamuuza zimenezi asanalipire ngakhale tambala, chifukwa aliyense wa ife anadutsa pa mayeso amenewo ndipo amakonzetsa chiphaso chake kubungweko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwanayu analibe womuuza kuti ayenera kufunsa.

Namwino yemweyo adzakufotokozeraninso kusiyana kwa dipuloma ya zaka zitatu ya m'makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), monga a ku Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission, ndi digiri ya zaka zinayi ya ku Mzuzu University kapena KUHeS, yunivesite imene inayamba mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Amene sadziwa kusiyana kumeneku amasokonekera tikamufunsa kumene akufuna kudzafika pa ntchitoyi.

Musadikire kuti kalata yokuitanani ifike ndiye muyambe kusakasaka womufunsa, chifukwa zimene mwamva dzulo usiku zimamveka zobwereka. Yambani mudakali ku Fomu 4, ndipo mukabwerako pemphani mphunzitsi wanu kuti akufunseni mafunso m'Chingerezi, inu mukuyankha mokweza mawu, mpaka lilime lizolowere.

Chenjeraninso ndi atambwali amene amaimba foni kapena kulemba pa WhatsApp kuti ali ndi mafunso a intavyu, kapena kuti akudziwana ndi akuluakulu a pakoleji, bola muwatumizire ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Ndalama yofunsira malo imalipidwa ku akaunti ya sukulu ndipo mumalandira lisiti. Wina akakutchulirani nambala ya foni yake, dulani foniyo, ndipo musanapereke fizi kusukulu iliyonse funsani kubungwe la anamwino lija ndi ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ngati maphunzirowo ali ovomerezeka.